Chigafa cha a Rakele Kuseri kwa Koleji

A Rakele, akulu anga, sanasutepo fodya chibadwire, ngakhale wofwenkha. Koma ndi iwo amene anaimirira pamaso pa koleji yonse n'kupempha kuti ophunzira aziloledwa kusuta. Alipo ena kuno kwathu amene nkhaniyi amaikamba mokhotetsa mpaka lero, ndiye ine amene ndinalipo ndiikambe mowongoka.

Anakwatiwa akadali mtsikana ndi a Elisha, ndipo ukwati wawo wonse anaudyera ku esiteti ina ku Kasungu, akulima fodya wa eni ake ngati matenanti. Kumeneko n'kumene anaphunzira kufesa nazale, kuwokera, kuthyola ndi kusoka, mpaka manja awo anada ndi utomoni wosachoka ndi sopo. A Elisha atamwalira ndi chifuwa, a Rakele anabwerera kumudzi ndi ana awo, khasu ndi mtolo wa ziwiya. Anapatsidwa munda wa malemu mayi athu, kumapiri kuno kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene munthu ukamalima mwendo wina umakhala kumtunda wina kumunsi. Sanadandaule. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, woti akamakupatsa moni woyenda pamsewu amayankha nawo.

Nthawi imeneyo lamulo linali litangomasuka kuti nafenso amphawi tizilima bale, fodya amene kale anali wa eni maesiteti okha. A Rakele analowa kalabu ya alimi, ndipo chaka chotsatira chisankho cha matipate analima fodya woyamba amene akanamutcha wawowawo. Anali fodya wosiririka, masamba ake otambalala ngati a nthochi. Chigafa choyanikiramo anachimanga pa malo okhawo athyathyathya m'munda monsemo, kumtunda kwenikweni, kuyandikana ndi mpanda wa khonje wa koleji ya aphunzitsi. Denga linali la udzu, mitengo ya bulugama. Pofika mwezi wa Malichi chinali chitadzaza ndi mikangala ya fodya wosoka, wina atayamba kale kufiira.

Ine ndinkaphika kukhitchini ya kolejiyo, ndiye za mkati ndinkazimva zonse. Ophunzira ake sanali ana ayi, ena anali andevu zawo, osiya akazi kumudzi. Chibwerereni demokalase chilichonse pamenepo chinkafuna mtsutso. Nyemba zikafumbwa, mtsutso. Belu likalira msanga, mtsutso. Ife akukhitchini tinkangoti walira mvula walira matope, n'kumapitiriza kusenda anyezi.

Osuta anali ndi mtengo wawo wa mkuyu kuseri kwa holo yodyera, pansi pake pali mbee, popanda ndi kaudzu komwe. Kagulu ka ophunzira okonda mapemphero, motsogozedwa ndi mtsikana wina wolankhula bwino dzina lake Chikhumbo, kanadandaula kuti utsi ukumalowa pa mawindo, ndiponso kuti mphunzitsi wa mawa sayenera kuoneka ndi ndudu pakamwa. Anapempha kuti kusuta kuletsedwe paliponse m'kati mwa mpanda, ngakhale panja pamtetete. Osuta, amene mkulu wawo anali Andireya, mnyamata wamtali wochokera ku Mvera, anati umenewo ndi ulamuliro wa chipani chimodzi wabwerera pakhomo la kumbuyo. A pulinsipolo, pothawa phokoso, anati lamulolo liyambe kugwira ntchito mongoyesa, ndipo mtsutso ndi voti zidzachitika mayeso a pakati pa teremu akatha.

Munthu wosuta ukamuletsa sasiya, amangosamuka. Mpanda wa khonje uja unali ndi mpata pamene pankadutsa mbuzi, ndipo kungotuluka pamenepo unali wafika pa chigafa cha a Rakele. Mvula ya Malichi ikamawaza, panalibenso denga lina pafupi. Anyamata aja anayamba kumakhala m'menemo, pansi pa fodya wouma, machesi ali m'manja. Amene ndudu zawathera ankangotambasula dzanja n'kubudula tsamba, kulifikisa, n'kulikulunga m'pepala la m'kope.

A Rakele anawathamangitsa kangapo. Iwo ankapepesa mwaulemu, koma akulu anga akangotsikira kumunda kukathyola, ankabwereranso. Tsiku lina masana a Rakele anapeza utsi ukufuka pa zinyalala m'tsinde mwa mzati, moto utayamba kunyambita udzu umene unagwa kudenga. Anauzima ndi phazi lopanda nsapato, ndipo anatsimphina sabata yonse. Kusamutsa fodyayo sikukanatheka. Kunalibe malo ena, ndipo tsamba louma ukaligwiragwira limangofumbutuka. Ndinawaona madzulo ake atakhala pa khonde, phazi lili m'beseni, ndipo ndinachita mantha, chifukwa m'chigafamo munali chaka chonse cha iwo ndi ana awo. Iwo anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo anandifunsa tsiku la mtsutso.

Tsiku la mtsutsolo a Rakele anafika holo itadzaza, atavala chitenje cha kumunda. Chikhumbo analankhula za mapapo ndi za thupi kukhala kachisi, ndipo ndinene zoona, analankhula zomveka. Andireya analankhula za ufulu wachibadwidwe mpaka thovu kukamwa. Onsewo ankathira Chizungu chambiri. Wotsogolera mtsutso atafunsa ngati pali wina wofuna kuwonjezera, a Rakele anakweza dzanja kumbuyo kuja, ndipo a pulinsipolo anawalola, poganiza kuti mayi wa mpingo athandiza kudzudzula osuta.

"Ana anga, ine utsi wa fodya ndimadana nawo kuposa mtsikanayu," anatero. "Bambo a ana anga anapita ndi chifuwa, ndikudziwa. Koma mwasesa m'nyumba mwanu n'kukataya zinyalala pakhomo panga. Pa mkuyu paja palibe choti chipse. Kuchigafa kwanga chilichonse n'choyaka. Abwezereni mtengo wawo azisutira pomwe mukuwaona, kufikira fodya wanga atachoka."

Osuta anaomba m'manja ngati awina mpira, zimene zinawaipira a Rakele, moti anatembenuka n'kuwauza kuti asasekerere, iwo ndi akuba masamba opanda manyazi. Holo yonse inaseka. Koma kuseka si voti. Atati akweze manja, a Rakele anauzidwa kuti iwo sangavote poti si ophunzira, ndipo ofuna chiletso anapambana ndithu. A pulinsipolo anawaperekeza mpaka pakhomo, akupepesa kuti anthu ambiri ndiwo anena, komanso za kunja kwa mpanda iwo alibe nazo mphamvu. Ine ndinapsa mtima mpaka ndiwo za madzulo ndinathira mchere kawiri.

A Rakele sanapse mtima, kapena ngati anapsa sanaonetse. M'mawa mwake anatenga khasu n'kupita pa thanthwe lina kumapeto kwa munda, kutali ndi chigafa, mbali imene mphepo imapita. Analambula udzu wonse wozungulira, anakhoma mafoloko n'kugoneka mitengo kukhala mabenchi, anaika ndi phale la mchenga lozimitsiramo ndudu. Pamwamba anayala malata akale a khola la nkhumba kuti mvula isakhale chowiringula. Mpata wa mbuzi uja anautseka ndi minga, n'kutsegula wina woloza pathanthwepo. Kenako anamuitanitsa Andireya n'kumuuza kuti malo ndi amenewo, ndipo akadzangopeza kamtengo ka machesi kamodzi kuchigafa, sadzafunsa kuti wataya ndani, adzafika ndi iyeyo kupolisi ku Dowa. Andireya anavomera atagwira chipewa m'manja, ndipo kuyambira tsikulo iye ndiye anali mlonda wa anzake.

Chigafa chinapuma, koma mudzi sunapume. A Rakele anali msungichuma wa bungwe la amayi kumpingo kwathu, ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera Lachinayi lililonse, ndipo nyimbo zambiri ankayambitsa ndi iwo. Anthu opita kuchigayo ankaona utsi uli tolotolo pamunda pa mayi wa bungwe, anyamata atakhala pa mabenchi amene iye mwini anawakhomera. Zinamveka kuti a Rakele atsegula bala ya fodya. Ena anawonjezera kuti akumagulitsa chingambwe, bodza lenileni. Chodabwitsa n'chakuti onena zimenezi nawonso anali ndi zigafa zawo zodzaza, kungoti zawozo zinali kutali ndi koleji.

Loweruka lina kunabwera amayi abusa ndi a Tereza, wapampando wa bungwe. Anakhala pamphasa, anapemphera, kenako amayi abusa ananena mofatsa kuti kulima fodya ndi nkhani ina, koma kuyalira mphasa tchimo ndi nkhani inanso. Anati asankhe: agwetse mabenchi tsiku lomwelo, apo ayi apereke yunifolomu. A Tereza, amene anakula limodzi ndi a Rakele, ankangoyang'ana pansi.

A Rakele anafunsa ngati bungwe lingatumize amayi oti azisinthana kulondera chigafa mpaka fodya atauma. Amayi abusa anati imeneyo si ntchito ya bungwe. Akulu anga analowa m'nyumba, ndipo tinamva sutikesi ikutsegulidwa. Anatuluka ndi bulauzi ndi duku zopindidwa bwino, anagwada, n'kuzipereka ndi manja awiri.

"Mundisungire, mayi," anatero. "Mulungu akudziwa kuti sindisuta. Koma ana angawa sangadye bulauzi."

Alendo atapita analowa kuchipinda ndipo analira, kulira kwenikweni, koyamba chimwalirire a Elisha. Atatuluka anasamba kumaso n'kupita kukaona ngati masamba apansi afewa mokwanira kuti ayambe kusankha.

Fodya anauma yense osapsa ndi tsamba limodzi. Anamusankha, anamudinda m'mabelo, ndipo tsiku limene ngolo inanyamula belo lomaliza kupita kumsewu, a Rakele anazula mabenchi aja n'kuwawaza nkhuni. Anyamata atafika anapeza thanthwe lokhalokha ndi mwini munda ali ndi nkhwangwa, amene anawauza kuti lendi yatha, akafunse demokalase kumene azikasutira.

Lachinayi lotsatira anapita kukatenga yunifolomu yawo. Anauzidwa kuti si mmene zimayendera, ayenera kukhala kaye kumbuyo mpaka akulu a mpingo adzakhutire, ndipo zinatenga pafupifupi chaka. Sanajombe ngakhale kamodzi. Ankakhala pa benchi yomalizira atavala chitenje wamba pakati pa amayi oyera mbuu, ndipo a Tereza akayambitsa nyimbo kutsogolo mawu ankawathera panjira. Zikatero amayi onse ankakhala chete, osatembenuka, kudikira kuti iyambire kumbuyo.