Maso a Kunkhongo

Ife amene tinaphunzira pulayimale kwa Tengani zaka zimenezo tinkadziwa chinthu chimodzi mosakayika: Madamu a Sitandade 4 anali ndi maso kunkhongo. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa nimu, bolodi atalitsamiritsa pathunthu, ife tili mbwee pafumbi. Madamu akatifulatira kuti alembe, iwe n'kuti utsine mnzako kapena uponye chipatso cha masau m'kamwa, umangomva mawu, choko chikulirabe pabolodi: "Iwe wakumbuyo, ndikukuona!" Osacheuka ngakhale pang'ono.

Ine ndinali wa mzere wakumbuyowo, ndipo mnyamata amene anadzakhala bambo a kunyumba kwanga ankakhala chapafupi, moti mawuwa ankatigwera tonse awiri ngati athuathu. Popita kunyumba tinkatsutsana. Ena ankati chinsinsi chili m'magalasi awo, ena ankati anakatemera tsidya la Shire. Mnzanga wina anakakhala dala kumbuyo kwawo m'tchalitchi, kupenyetsetsa m'munsi mwa duku mapemphero onse, n'kubwerako wopanda yankho.

Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinayamba kulima thonje ndi mapira ngati wina aliyense. Zipani zitachuluka ndinalowa komiti ya amayi ya chipani china m'dera lathu. Musaganize kuti ndinkadziwa ndale. Ndinkangokonda kuimba, komanso pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Madamu anali akadali pasukulu pomwepo, akuopseza ana anga ndi maso omwe aja.

Chimene chinawalowetsa ndale ndi kamtsinje kamene kali pakati pa midzi yathu ndi sukulu. M'chilimwe kamakhala mchenga wokhawokha, mbuzi kumagonamo. Koma mvula ikagwa kumapiri, ngakhale kwathu kuli dzuwa lowotcha, kamadzaza mwadzidzidzi, ana n'kumangoyang'ana sukulu patsidya. Aliyense wofuna uphungu ankalonjeza mlatho, akapita ku Nyumba ya Malamulo nkhani n'kuthera pomwepo. Chaka china Madamu anatopa. Anati apita okha ku Nyumba ya Malamuloko.

Wogwira ntchito m'boma akafuna kuima pachisankho ankayenera kuyamba wasiya ntchito. Madamu anasiya. Anatuluka m'nyumba ya sukulu, mabuku ndi mipando atapakira pangolo ya ng'ombe, n'kukakhala kwa achimwene awo. Anali mayi wamasiye, tsitsi litayamba kuyera. Akanagwa pachisankho chachipulula, chosankha woimira chipani, bwenzi atatsala opanda ntchito, opanda nyumba, ndipo bolodi lija linali litapatsidwa kale kwa wina. 

Wopikisana nawo anali bambo wina wogula ng'ombe, mwini chigayo ndi galimoto. Sindiwanenera zoipa, anali munthu wansangala. Anagawa nsalu zokhala ndi nkhope yawo, ndipo ine ndinalandira yanga ndi manja awiri, chifukwa inali nsalu yabwino, yosasuluka. Amuna anga ndiwo ankawakusira ng'ombe kupita nazo kumsika ku Bangula, choncho m'nyumba mwathu nkhani ya Madamu tinkaikamba mosamala ngati tanyamula mazira.

Madamu kampeni sankaitha, ndinene zoona. Ankafika panjinga, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba msonkhano pa nthawi yake, ngakhale anthu atafika ochepa. Obwera mochedwa ankawayang'ana pamwamba pa magalasi. Akafotokoza mfundo ankafunsa, "Mwamva?" Anthu akati inde, iwo n'kuloza mkulu wina wa ndevu zoyera kuti abwereze zimene wamvazo.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Madamu, anthuwa si ana asukulu. Muziwanyengererako. Alonjezeniko kenakake, ngakhale chipatala."

"Chipatala ndichitenga kuti?" anandifunsa. "Ine ndikudziwa mlatho. Iwe, kulongolola kuja sunasiyebe?"

Ndinali mayi wa ana anga, koma ndinapezeka ndapinda manja kumbuyo.

Chisankho chachipulula chinachitikira pabwalo la sukulu yomweyo. Masiku amenewo panalibe zoponya pepala m'bokosi. Opikisana ankaima kutsogolo atafulatira, anthu a m'makomiti n'kukafola kumbuyo kwa amene akumufuna, kenaka akuluakulu ochokera kuboma la Nsanje n'kuwerenga mitu. Mkulu woyendetsa mwambo analengeza malamulo ake: woimira aliyense akacheuka wagwa, ndipo aliyense womunong'oneza achotsedwa pamzere.

Anawaimika Madamu moyang'anana ndi mtengo wa nimu uja. Wenzulo italira, fumbi linati kobo. Ine ndinathamanga, nsalu ya nkhope ya wa ng'ombe ili m'chiuno, n'kukaima woyamba kumbuyo kwa Madamu. Amuna anga anapita kumzere winawo, chipewa atachitsitsira kumaso kuti tisaonane.

Mzere winawo unali waphokoso. Anabwera ndi ng'oma, anyamata akuliza malikhweru, ndipo wa ng'ombe ankagwedeza mapewa, akumva yekha kuti zinthu zili bwino. Kwathu kunali zii. Anthu ankabwera ndithu, ochuluka, koma ankabwera mwakachetechete, aliyense kusiya kampata pakati pa iye ndi mnzake. Munthu amene anaphunzitsidwa ndi Madamu sangaime kumbuyo kwawo n'kumasokosa. Thupi limakana lokha.

Apa ndi pamene ndinayang'ana nkhongo ija chapafupi, koyamba m'moyo wanga. Panalibe diso lililonse. Panali thukuta likutsikira m'kolala ya bulauzi, ndi timitsempha tikugunda. Zala zawo zinkapekesana ngati zikufuna choko. Ndinazindikira kuti mayiwa sakumva kanthu kumbuyo kwawo, ndipo akuganiza kuti aima okha pamaso pa dera lonse, pabwalo limene anafoletsapo ana moyo wawo wonse. Ndinawamvera chisoni. Ndinafuna kunena kuti Madamu, tilipo, koma mkulu woyendetsa mwambo uja anali poteropo, maso ali pa ine, popeza mbiri ya pakamwa panga inali itafika ndi kuboma komwe. Ndinayesa kutsokomola. Chifuwa cha munthu mmodzi chingauze munthu chiyani?

Owerenga anayambira mzere winawo, ndipo ankachedwa chifukwa anthu ankavina osaima malo amodzi. Dzuwa la kwathu mukulidziwa. Ndinaona mapewa a Madamu akutsika pang'onopang'ono, mutu ukuwerama. Kenaka anakoka mpweya, anawongoka, n'kufuula ndi mawu omwe aja a pansi pa nimu, maso ali kuthunthu:

"Iwe wakumbuyo, ndikukuona!"

Ng'oma ija inalekeza pomwepo. Kenaka kuseka kunaphulika. Kunayambira kwa ine, kunapita kwa wakumbuyo kwanga, kunayenda ndi mzere, kudutsa pamjigo, kukhota pa zimbudzi za sukulu, mpaka kukamveka chapansipansi kumsewu. Agogo ena anakuwa m'Chisena, "Nkhabe, Madamu, si ine tayu!" kukana mlandu umene sanawafunse, anthu n'kuyambiranso kuseka. Ine maso anali pankhongo paja. Ndinaona khutu lawo likutsatira kusekako mpaka kumene kunathera, ndipo zala zija zinaleka kupekesana.

Mzere winawo nawo sunapulumuke, pakuti ambiri mmenemo anadutsanso m'manja omwewo. Ndinaona amuna akuluakulu akutulutsa manja m'matumba. Amuna anga anavula chipewa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu mpaka anakafika kumapeto kwa mzere wathu, owerenga asanawafike. Madzulo ndinawafunsa. Anati iwo sanaganize chilichonse, miyendo inangonyamuka yokha.

Wa ng'ombe anadandaula kuti Madamu aphwanya lamulo. Mkulu uja anakanda m'mutu n'kunena kuti lamulo likuletsa kucheuka, ndipo mayiwa sanacheuke. Atatha kuwerenga analoleza oimira kutembenuka.

Madamu anatembenuka pang'onopang'ono. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya duku, anawavalanso. Patsogolo pawo panali mzere wautali wofola bwino, theka lake litavala nkhope ya mnzawo wopikisana naye. Mayi amene sitinawaonepo akusowa chonena anangoti, "Takhuta, takhuta," kuthokoza m'Chisena. Kenaka anayamba kuyenda ndi mzerewo, kutchula aliyense dzina lake la paubwana, ena maina amene akazi awo anali asanawamvepo.

Anapambana chachipulula chija, anapambananso chisankho chachikulu. Tinkawamva pawailesi akufunsa nduna ngati yamva, ndipo mlatho unabwera, mochedwa, titayamba kale kuwanena. Koma chimene ndimakumbukira ine ndi zimene tinakambirana tsiku lomwelo, anthu akubalalika, iwo atakhala pamuzu wa nimu atavula nsapato.

"Madamu," ndinatero, "lero mundiuze. Tili ana munkationa bwanji?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Sindinaonepo munthu, mwanawe. Ana ochuluka chonchija, kumbuyo kungasowe wochita zopusa?"

"Nanga lero munaona ndani?"

Anayang'ana bwalo lija, fumbi likadali m'mwamba.

"Lero ndimafuna ndimve ngati kumbuyoko kuli munthu woti n'kumukalipira."