Utuchi Wouma

Sharifu wa ku Namwera anafika ku Doha ndi mapepala onena kuti ndi dalaivala. Chiwongolero sanachigwire n'kamodzi komwe. Bwana wake anali ndi mahatchi khumi ndi awiri pa famu ina kunja kwa mzinda, ndipo anangomupatsa fosholo ndi wilibala. Munthu amene kwawo ankadziwa mbuzi zokha anatha zaka zisanu ndi chimodzi akuwola ndowe za nyama zogona m'makola oziziritsidwa ndi eyakoni, iye akupanikizana m'kontena ndi anzake asanu.

Komabe ntchitoyo inamulowa m'magazi. Hatchi yodwala ankaizindikira isanagone pansi, pongoona makutu ndi kaimidwe. Anaphunziranso kuti bwana akafunsa kanthu, yankho ndi limodzi: "Tamam," kutanthauza kuti zonse zili bwino. Hashimu, mnzake wa ku Ntaja amene ankadya naye ku Al Mansoura mumzindamo Lachisanu lililonse, anauzapo bwana wake kuti udzu wa mahatchi wachita nkhungu, kapitawo ali pomwepo. Sabata isanathe anali atakwezedwa ndege.

M'mwezi wa Febuluwale, hatchi imene bwana ankainyadira kuposa zonse inabereka kamwana kakamuna. Tsiku lachitatu kanaleka kuyamwa, kamimba kakutupa. Ku chipatala cha ziweto, kumene anakatengera pamodzi ndi make, anapeza kuti chikhodzodzo chake chinang'ambika, mkodzo ukutayikira m'mimba. Anakachita opareshoni m'mawa womwewo.

Dokotala wake anali mayi wamfupi wosataya mawu. Atamaliza kusoka anaitana Sharifu kuti adzaone. Akuyang'ana pa makina ounikira m'thupi, analowetsa singano yaitali pakati pa minofu ya pamimba, kumanzere ndi kumanja. Anati mankhwalawo amachititsa dzanzi mitsempha ya pamalo pokhapo, chifukwa ochuluka opha ululu m'thupi lonse amaledzeretsa kakhanda mpaka kulephera kuima kuti kayamwe.

"Koma usapusitsike," anatero dokotala. "Lakhala chete ndi bala lokha. Iwe uziyang'ana mkodzo. Kakapanda kukodza bwino undiitane, ngakhale ndikhale m'fiyeta pa opareshoni."

Pofika masana kamwanako kanadzuka kakunjenjemera, n'kuyamwa. Sharifu anamwetulira yekha. Koma kanayamba kutanyula miyendo, kukweza kamchira, kuchima, n'kungotulutsa timadontho. Kanatero katatu. Iye anagwada n'kupisa dzanja mu utuchi umene anayala pansi, ngodya zonse zinayi. Unali wouma gwa.

Akuti anyamuke, bwana analowa ndi kapitawo wake. Bwanayo ankadana nazo zoti hatchi yake igone pakati pa nyama zodwala, ndipo kapitawo, katswiri wa kuwerenga nkhope ya bwana, anadziwa chochita. Anawerama n'kutosa ndi chala chachikulu pafupi ndi bala. Kamwanako sikanatekeseke. Anatosanso mwamphamvu, n'kutambasula manja ngati wachiritsa ndi iyeyo.

Bwana anatembenukira kwa Sharifu, poti ndi amene anakhala nako tsiku lonse.

"Sharif, tamam?"

Dokotala anali m'fiyeta ndi hatchi ina, kuseri kwa zitseko ziwiri zokha. Kapitawo anali atamutuzulira maso. Utuchi unali ukadamatirira m'zala za Sharifu.

"Tamam, bwana."

Bwana anasaina pepala lotulutsa nyama zake mwa kufuna kwake. Sharifu anakanyamula yekha kamwanako kukakweza m'lole, akudziuza kuti mwina kakodza panjira.

Sikanakodze. Mawa lake dzanzi linali litatha, kakukukuta mano, kamimba kali ndi ndi ndi ngati ng'oma. Anathamangira nako ku chipatala dzuwa lili paliwombo, ndipo mtima wa kamwanako unaima asanakagoneke patebulo. Pachikhodzodzo panali patamasuka ulusi umodzi, chinthu chimene dokotala akanachikonza dzulo lake.

Dokotalayo anavula magolovesi n'kumuyang'ana. "Unaona liti kuti sikakukodza?"

Kapitawo anaima pakhomo, manja m'thumba.

"Lero m'mawa, madamu."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kumbali. Anadziwa, ndipo Sharifu anadziwa kuti wadziwa. Manyazi amene anamugwira pamenepo sanamusiyebe mpaka lero.

Ntchito sinamuthere. Bwana anati n'chifuniro cha Mulungu, anayamika Sharifu kuti ndi wantchito wokhulupirika, ndipo kontirakiti yake anaiwonjezera zaka ziwiri. Anzake am'kontena anamugwira chanza.

Make wa kamwanako anatha masiku anayi akulira, akuzungulira m'khola, bere litatupa mkaka ukuchucha m'miyendo. Sankalola munthu wina aliyense kumuyandikira koma Sharifu yekha. Choncho m'mawa uliwonse ndi iye amene ankagwada pansi pake ndi chidebe, kumukama pang'ono kuti ululu uchepe, n'kukataya mkakawo pamchenga kuseri kwa khola.