Zala za Apongozi Anga

Ndinakwatira ku Nkhudzi ndili mlimi wa ku Katuli, wosadziwa ngakhale kugwira nkhafi. Amene anandiphunzitsa kuwedza ndi apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga. Iwo ankawedza mcheni ndi chingwe cha m'manja, mbedza ziwiri, usipa wa nyambo, ndi pulagi yakutha ya njinga yamoto yomiza chingwecho.

Luso lawo linali kuvinitsa nyambo. Pulagi ikagunda pansi, ankakoka mikono iwiri, n'kumanyamula dzanja pang'ono pang'ono, kenako kulekerera kuti usipa ugwe ngati wovulala. Mcheni umaluma nyambo ikamagwa, ndipo chala chokha ndicho chimamva. Ine ndinkangokoka mwamphamvu, iwo n'kumati, "Akamwini, uku si kuzula chinangwa ayi."

Patapita zaka, matenda a shuga anawachititsa dzanzi m'zala. Kunyumba ankakana. Apongozi aakazi ananditumira mawu kudzera mwa mkazi wanga: ndikawaonetsetse panyanja, ndipo ngati zala zinasiya kumva, bwato aleke. Zinandikwiyitsa. Munthu wandiphunzitsa yekha, lero ine ndikhale kazitape wake?

M'mawa mwake tinapalasa mpaka pamalo awo akale, pamene mtengo wa mlambe umayang'anizana ndi thanthwe lalikulu. Dzanja lawo linkavinabe bwino lomwe. Koma ndinaona chingwe chawo chikunjenjemera, iwo osadziwa. Kachiwiri chinachita kugwedezeka ndithu. Atakoka anapeza mbedza zili mbee, n'kunena kuti usipa wa masiku ano ndi wofewa, umangothothoka wokha. Ndinavomera. Zinachitikanso katatu. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, ndiye ndikanayamba bwanji kuuza apongozi kuti nsomba ikuwadyera nyambo?

Kenako changa chinagwira. Ndinamva kuluma kuja bwinobwino, koma ndinangousiya mcheniwo upite. Sindinafune kuti m'bwato mukhale nsomba zanga zokha. Ndinatero katatu.

"Akamwini," anatero osandiyang'ana, "zala ndi zimene zafa, maso alipo. Mwataya zitatu."

Kenako anandifunsa:

"Nanga ine ndaphonya zingati?"

"Zisanu, ababa."

Anayang'ana m'manja mwawo. Ndinkaganiza kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anakulunga chingwe chawo pa kathabwa kake, mosamala ngati mmene ankachitira masiku onse, n'kuchiika pafupi ndi phazi langa.

"Ana akudikira ndiwo," anatero. "Chisoni chanucho sangadyere. Wedzani ndi zonse ziwiri."

Tsiku limenelo ndinapha mcheni khumi ndi umodzi, iwo akundivulira nsomba pa mbedza. Titayandikira kugombe ndinaona apongozi aakazi ataima pamchenga, akudikira yankho langa. Ndisanatsike m'bwato, ababa anandigwira phewa.

"Inu nyamulani nsomba. Ndikawauza ndekha."