Pulogalamu yoitanira akabaza

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okushoni. Sukulu ya makompyuta ndinali nditamaliza, koma ku Wimbe kompyuta ungalime nayo chiyani? Tsiku lonyamuka, mlongo wanga Esinati anandiperekeza pasiteji n'kundipempha chinthu chimodzi.

"Achimwene, mukatipangire kanthu ka pafoni koitanira akabaza onse nthawi imodzi. Munthu akadwala timachedwa n'kuimbira mmodzimmodzi."

Ntchito yanga ku Joni inali yosaka ziboo m'mapulogalamu a makampani, malo amene mbava zingalowere. Ntchito imeneyi imawononga mutu, chilichonse umachiona ngati dengu lobooka. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda, sabata n'kutha osalankhula Chichewa. Kapulogalamu ka Esinati ndinakamaliza m'mwezi umodzi, ndipo kankagwira bwinobwino. Koma ndinaona chiboo: wakuba akanatha kunamizira wodwala, kuitanira kabaza kutchire n'kumulanda njinga yamoto. Nditatseka chimenecho, ndinapeza china.

"Ingotumizani momwemo," ankatero Esinati pafoni. "Chigafa timafolera ndi udzu, koma fodya amauma ndithu."

"Dikira kaye, kakhwime."

M'malo mwake ndinkatumiza ndalama, n'kumadzitama mumtima kuti ndine munthu wosamala. Lero ndikakumbukira kudzitamako ndimachita manyazi.

Zaka ziwiri zinatha. Esinati ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anayamba kutaya magazi masana, anthu ali kosoka fodya. Alamu anga, amuna ake a Esinati, anaimbira akabaza anayi. Wina foni yozima, ena ali kutali ku Boma. Wachisanu anabwera, koma Esinati anatsirizikira panjira ya kuchipatala.

Ndinafika kumudzi atamuika kale. Patapita masiku ndinalowa m'golosale ya Che Saidi, ndipo atandipepesa anandionetsa foni yawo. Maliro atatha, iwo anaika akabaza onse m'gulu limodzi la mauthenga, lopanda chotseka chilichonse. Inali ntchito ya masana amodzi.

"Nanga mbava, Che Saidi?" ndinafunsa.

"Akaitana munthu amene sitikumudziwa, amapita awiri. Basi. Amayi atatu afika kale kuchipatala."

Ndinatuluka osagula kanthu. Pulogalamu yanga ikadali m'foni mpaka lero, ziboo zonse zotsekedwa, ndipo palibe munthu amene anaitanirapo kabaza.