Mboni yanga ya tsiku Lamulungu

Matumba a feteleza atasowa m'shedi ya pa esiteti, wina ananena kuti Lamulungu masana anaona mkazi wa chitenje chofiira akuzungulira kumeneko. Pakampaundi ponse wa chitenje chofiira ndinali ine. Apolisi anandipeza m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana.

Sindinaope kwenikweni. Masana onsewo ndinali pakhonde la mnzanga amene tinkathyola naye tiyi mizere yoyandikana, akundiluka tsitsi. Chimene chinkandidya mumtima chinali nyumba. Pa esiteti ntchito ikatha nyumbanso yapita, ndipo ine ndinali ndekha ndi kamwana kanga kakakazi kongoyamba kumene kuyankhula.

Ku Boma anandifunsa wapolisi wachinyamata, wongobwera kumene kuchokera kukosi ya upolisi. Anati masiku a matipate ano samenya munthu, bodza amaliona m'maso. Anandiuza kuti ndifotokoze za tsikulo, kenako ndifotokozenso chobwerera m'mbuyo, kuyambira madzulo. Sindinaphonye paliponse.

"Nanga bwanji mukuyang'ana pansi, mayi?"

"Ndi ulemu, bwana."

"Wonena zoona sabisa maso."

Ife anatilera kuti mkazi satong'olera maso munthu waudindo. Ndikati ndidzutse mutu, khosi linkabwerera lokha, iye n'kumalemba.

Kenako anati, "Mnzanu uja akuti sanakuoneni tsiku limenelo."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndale imeneyo ngakhale ana a pakampaundi ankaidziwa: apolisi amakunamiza kuti mnzako wakupereka kuti iwe ulavule zonse. Ndinamumvera chisoni mnyamatayo, kosi yonse ija n'kubwerako ndi msampha wakalekale.

"Abwere anene ndikumva," ndinatero.

Anamubweretsa. Tsitsi limene anandiluka linali likundikokabe pachipumi. Anakhala pabenchi, n'kumuyang'ana wapolisiyo m'maso osaphethira.

"Achemwaliwa sindinawaone, bwana. N'tabwerako kutchalitchi ndinangogona, mutu umandivuta."

Wapolisi ananditembenukira ngati mphunzitsi amene samu yamutheka. "Mwaona mmene amayankhira munthu wosabisa kanthu?"

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti makiyi a shediyo ankasunga mwamuna wa mnzangayo. Sindinapse mtima nthawi yomweyo, ndinangomva manyazi, ngati ndine amene ndanama. Mkaziyu tinkagawana mchere, ndipo akadwala ndinkamuthira masamba anga m'dengu mwake kuti sikelo isamuchititse manyazi.

Matumbawo sanapezeke kwanga ndipo apolisi ananditulutsa. Koma ku ofesi ya esiteti anati sangasunge munthu wokayikitsa, nditule dengu ndi makiyi a nyumba.

Tsiku losamuka, mnzanga uja anabwera osaitanidwa kudzandithandiza kumanga katundu. Sitinayang'anane. Mwana wanga, wosadziwa kanthu, anamuthamangira kuti amubereke, ndipo anamuberekadi mpaka kumsewu. Minibasi itaima ndinachita kumusomphola kumsana kwake. Analira kumulirira iyeyo mpaka pa Bvumbwe, anthu m'galimoto n'kumandifunsa ngati mwanayo ndi wangadi.