Mpopi wa Pamgolo wa Chigayo

Chigayo changa chinali kufupi ndi Bowe, panjira yafumbi yochokera ku Mponela. Ndinachitsegula matipate atangoyamba kumene, atandichotsa ntchito yaukalaliki ku Dowa. Za injini sindinkadziwa kanthu. Ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi mtima wapachala, ndipo ndinkayesa kuti ziwirizi n'zokwanira kuyendetsera chilichonse.

Oyendetsa chigayocho anali bambo ena achikulire a ku Thyolo, amene anabwera kuno kalekale kudzagwira utenanti wa fodya. Munda analibe, abale kuno analibe. Ankagona ndi akazi awo m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo, ndipo kachipindako ndiko kanali kwawo. Ine ndinkangowaitana kuti madala.

Injini yathu inali ya dizilo, yozizira ndi madzi a mumgolo. Mgolowo unali pa njerwa pambali pake, wolumikizidwa ndi mapaipi awiri. Madzi akatentha mu injini ankakwera okha ndi paipi yam'mwamba n'kugwera mumgolo, ozizira n'kubwerera ndi paipi yam'munsi. Chofunika chinali chimodzi: madzi asatsike kupyola pakamwa pa paipi yam'mwambayo. Akatsika amasiya kuzungulira, injini n'kuyamba kudziphika yokha.

Madzi a pachitsime chathu ankasiya matope ndi dzimbiri pansi pa mgolo. Pofuna kutsuka, madala ankakapa madzi ndi chitini, kenako n'kumasula paipi yam'munsi, matope onse n'kuwakhuthukira m'miyendo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bwana, tiikepo mpopi pansipa. Ndizingotsegula, zoipa zizituluka zokha."

Ndinakagula ku Mponela mpopi wonyezimira, n'kubwera ndi wowotcherera zitsulo. Mkangano unayamba posankha malo.

"Uyang'ane kukhoma, bwana," anatero madala. "Ndipo chotsegulirachi tichotse, ndizisunga m'thumba."

"Chifukwa?"

"Azimayi. Kuzizira kwayamba uku. Munthu wotuwa ndi ufa akaona madzi ofunda, mumuletsa bwanji?"

"Madala, kusukulu munapita inu kapena ine? Mpopi wobisa ndi mpopi wanji?"

Kunena zoona, ndinkafuna kuti anthu aziuona. Zigayo zina zonse za kuderako zinalibe chinthu choterocho. Tinauika moyang'ana kukhomo, chotsegulira chili pomwepo.

Sabata isanathe mayi wina anaugwira, madzi ofunda n'kumuthira m'manja. "Iii, abambo, chigayo chanu chili ndi bafa tsopano?"

"Sambani, amayi," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Ndi matipate ano, madzi safuna khadi la chipani."

Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Kuyambira tsikulo aliyense akagayitsa ankasamba kumaso ndi m'mikono asanasenze ufa wake, ena kusambitsa ndi ana omwe. Madala sanadandaule. Ankangoonjezera maulendo a kuchitsime. Anadziwa okha kuti azimayi angapo akasamba madzi amatsika pang'ono bwanji, ndipo ankadzaza mgolo m'mawa ndi masana.

Linali Lachisanu, anthu atangokolola, matumba atandanda mpaka kumsewu. Ndinathandiza kuthira dizilo m'thanki, n'kudzithira thupi lonse. Tsikulo ndinkafunika ku Dowa pa zokambirana za ukwati wa mphwanga, ndipo sindikanapita ndikununkha choncho. Ndinatenga ndowa yaikulu, ndinatunga pampopi paja kawiri, yodzaza bwino, n'kukasamba kuseri. Madala anali kumtunda, akuthira chimanga m'chigayo, phokoso lili m'makutu. Ndinati ndiwauza za madziwo ndikavala. Ndikumanga mabatani, matola analiza hutala pamsewu, ine n'kuthamanga.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ndili patali ndinadabwa kuti chigayo chili zii. Nditayandikira ndinamva fungo la oyilo wopserera. Azimayi anali atakhala pamatumba awo, madala ataima pafupi ndi injini, sipanala ili m'manja. Injini inali itagwirana, chitsulo chake chozunguza osasuntha ngakhale pang'ono.

"Ntchito yanu ndi chiyani pano?" ndinakuwa. "Kuyang'ana mgolo kokha kukukanikani?"

"Ndinadzaza m'mawa, bwana, mpaka m'khosi."

"Ndiye wamwa ndani? Mfiti?"

Mawuwo ali m'kamwa ndinakumbukira ndowa ija. Ndikanakonda kulemba kuti ndinakumbukira patapita masiku, koma lingakhale bodza. Ndinadziwa pomwepo, anthu onse akundiyang'ana, ndipo m'malo mokhala chete ndinakweza mawu. Ndinawanena kuti ndi nkhalamba yaulesi, kuti amagona pantchito, kuti ndinawatola pamsewu. Mayi wina anati, "Abambo, mtima pansi, munthu wamkulu uyu," ine n'kumuuza kuti anyamule thumba lake akagayitse kwa amuna ake. Pomaliza ndinawauza madala kuti mawa ndisawapeze m'kachipinda kaja.

Anachokadi m'mamawa. Ndinawaonera pawindo la golosale ya mnzanga: madala patsogolo ndi kathumba, akazi awo pambuyo atasenza mphasa ndi mapoto. Ndikanatha kutuluka. Sindinatuluke.

Makaniko wa ku Mponela anakonza injiniyo kwa masabata atatu. Atamaliza anamasula chotsegulira cha mpopi n'kundipatsa m'manja. "Ichi chizikhala m'thumba. Amene anausiya poyera chonchi sadziwa chigayo." Ndinangoti eya.

Ndinalemba anthu awiri motsatizana, onse osakhalitsa. Ndinkadziuza kuti ndikufuna madala chifukwa cha luso lawo basi. Mvula itafika pakati, woyendetsa ngolo wina anandiuza kuti anawaona pa esiteti ina yakunjira ya ku Ntchisi. Ndinapalasa njinga m'matope theka la tsiku.

Ndinawapeza m'chigafa, atakhala pansi ndi akazi awo, akusoka masamba a fodya. Manja anali atada bii ndi utomoni, ndipo anali ataonda m'khosi. Amayiwo atandiona anadzuka n'kutuluka osandipatsa moni.

"Mwatipeza, bwana. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Madala, injini ija inakonzedwa. Kachipinda kaja kali chikhalire. Tiyeni tizipita."

Anapitiriza kubaya masamba ndi singano yawo yaitali. "Chotsegulira chija munachotsa?"

"Tinachotsa."

"Mwachita bwino." Anakoka chingwe, n'kukankhira masamba kumapeto. "Ndowa yanu ija ndi yaikulu, bwana. Kawiri ndi madzi ambiri."

"Munandiona?"

"Ine ayi, ndinali kumtunda. Anakuonani ndi mayi a kunyumbawa. Anandiuza injini itaima kale."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

"Pamaso pa azimayi onse aja? Inu? Mukanandimenya ndi sipanala yomwe ija."

Mpata wopepesa unali pamenepo. Mawu ake ndinkawadziwa, ndi afupi, ngakhale mwana amawatha. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali chakuti, "Ndiye mubwera liti?"

"Sindingabwere. Tinalowa kale utenanti wa chaka chino. Chimanga cha eni esiteti tadya, fodya ali m'munda. Tenanti sachoka fodya asanapite kumsika, mukudziwa inunso."

"Akagulitsidwa?"

"Tidzaona, bwana."

Ndinakhalako pang'ono, osadziwa poika manja. Kenako ndinatsanzika, iwo n'kundiperekeza mpaka pamene ndinatsamiritsa njinga, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

Fodya atagulitsidwa ndinapitakonso. M'nyumba yawo munali banja lina. Kapitawo anandiuza kuti madala ndi akazi awo anakwera lole ya matenanti obwerera kum'mwera, ndipo mudzi wawo sankaudziwa. Chaka chonse chimene tinagwirira limodzi ntchito, inenso sindinawafunsepo dzina la mudziwo.