Masamba Asanu pa Mchenga

Mkazi wanga anagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga zaka zambiri. Mabwana ake posamuka anamupatsa kachomera ka m'chitini, kopanda thunthu, masamba ake oyala pansi ndiponso onata ngati apakidwa mafuta. Tintchentche tating'ono tija timazungulira nthochi zakupsa tikatera pamasambapo, ulendo unkathera pomwepo. Chakudya chake chinali chimenecho. Ankakaika pawindo la kukhitchini kwathu ku Kabwata, n'kumakathirira madzi a mvula okhaokha amene ankasunga m'zigubu. Ine ntchito yanga inali kumuseka.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Abale atagawana zovala ndi mapoto, kachomerako palibe anakayang'ana. Mwana wathu wamkazi yekha, pokwera minibasi kubwerera kwake ku Chunga, ndiye anati, "Adadi, kaja ka amami kakabala, munisungileko kamodzi." Ndinavomera msanga ngati munthu wodziwa.

Madzi a m'zigubu atatha ndinayamba a pampopi, aja amasiya zoyera m'ketulo. Pofika nyengo yotentha kanali katayamba kufota.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga ndiye matenda anga. Ngakhale nyuzipepala yokulungira kapenta ndimayamba ndaiwongola. Ndinafufuza pafoni masiku atatu, magalasi ali pamphuno, ndipo njira yake ndinaipeza. Umathothola tsamba pang'onopang'ono kuti lichoke ndi koyera kwake kwa kutsinde, n'kuligoneka pamwamba pa mchenga wonyowa. Osakwirira. Osathira manyowa, chifukwa chomera chotere manyowa amachiwotcha. Pakapita milungu ingapo tiana timatuluka koyera kuja. Ndinamvetsa ndithu, sindinganamizire Chingerezi.

Mvula yoyamba ndinaitchera m'beseni. Ndinathothola masamba asanu amene anali akadali ndi moyo, n'kuwayala m'mbale yakale pakhonde. Kamake kanatsala ndi timasamba tiwiri tofooka.

Tsiku lachitatu mayi woyandikana nafe nyumba, amene amalima repu kuseri, anasuzumira pampanda.

"Ba neba, mwabzala olo mwayanika?"

"Ni mwamene vikambila volemba," ndinayankha.

"Volemba! Imwe si mwana wa mulimi imwe? Mbatata mumaigoneka pamwamba? Onani mchenga weka-weka, vizadya chani? Muzachipha na njala chinthu cha amake mwana."

Posakhalitsa anabwera ndi kapulasitiki ka manyowa a nkhuku, osefa bwino. Mayi ameneyu ndi amene anaphikira anthu pamaliro a mkazi wanga masiku atatu, miyendo mpaka kutupa. Ndikanamubweza bwanji pakhomo ndi mphatso yake m'manja? Koma ndisamukankhire mlandu wonse. Manja anga ankagwirizana naye. Bambo anga anandilera kuti chinthu chosakwirira sichinabzalidwe, ndipo masiku atatu onsewo masamba aja ankandimvetsa chisoni, ali pamtunda ngati otayidwa. Ndinakwirira onse asanu, n'kuwaza manyowa, iye ali chiimire kuvomereza ndi mutu.

Atachoka ndikanatha kuwafukula. Sindinatero. Ndinkaganiza kuti wolemba uja mwina sadziwa nthaka ya kuno.

Patapita mlungu ndinafukula ndi kamtengo ka machesi. Munalibe tsamba. Munali tonanda takuda tonunkha, tosagwirika n'komwe. Kamake nako, poti ndinali nditakalanda masamba abwino, sikanafike Lamlungu lotsatira.

Nkhani yotere sindinafune kuinena pafoni. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukwera ina ya ku Chunga, njira yonse ndikukonza mawu amene pofika pageti ndinali nditaiwala. Mwana wanga ananditsegulira akuyang'ana m'manja mwanga. Pawindo lake panali chitini chotsuka bwino, choboola kale kunsi.

"Mwabwela nako, adadi?"

Ndinafotokoza zonse, za mpopi, za manyowa, osabisa. Anamvetsera akupukuta manja pachitenje, ngakhale anali ouma.

"Olo kamodzi?"

"Olo kamodzi, mama."

Kenaka anatenga chitini chija pawindo, n'kuthiramo mapegi oyanikira zovala amene anali patebulo, n'kuchikankhira pansi pa sinki. Anandifunsa, atandifulatira, ngati adokotala anandiloleza kumwa tiyi wa shuga.